Chinsinsi cha mnzathu kuntchito ndi moyo wake

Ambiri mwa ife a m'makalabu a achinyamata tili pa msinkhu wofuna ntchito. Ena tangolemba kumene mayeso a Fomu 4 ndipo tikuyenda ndi makalata m'maofesi. Ena tinayamba kale: wina akuthyola tiyi ku esiteti ku Thyolo kapena ku Mulanje, wina akugulitsa m'sitolo, wina ndi mlonda, wina akugwira ntchito ya m'nyumba m'tauni, wina akuphunzira umakaniko pa galaja. Kulikonse kumene tili, anzathu a kuntchito timakhala nawo nthawi yaitali kuposa abale athu enieni. Timadyera limodzi, timabwerekana ndalama, timadziwana zambiri.

Pa zonse zimene timadziwana, palibe cholemera ngati kudziwa kuti mnzathu ali ndi kachirombo ka HIV. Nthawi zina amatiuza yekha. Nthawi zina timangoona botolo la mankhwala m'chikwama mwake, kapena timakumana naye pa mzere kuchipatala. Kuyambira tsiku limenelo, ntchito yake, ulemu wake ngakhalenso moyo wake zimakhala m'manja mwathu. M'nkhani ino tikambirana za udindo umenewu: chifukwa chake kukhulupirirana ndi chilungamo pa malo a ntchito zimapulumutsa moyo, zimene malamulo a dziko lino amanena, komanso mmene tingaganizire tikakumana ndi nkhani zovuta.

Zinthu zinasintha, maganizo anatsalira

Munthu woyamba kupezeka ndi matenda a Edzi m'Malawi muno anapezeka m'chaka cha 1985. M'zaka zotsatira mliriwu unalowa m'malo onse a ntchito. Unatenga aphunzitsi, anamwino, apolisi, madalaivala ndi alimi, anthu a mphamvu zawo amene mabanja ankadalira. Mankhwala kunalibe, ndipo amene analipo anali okwera mtengo zedi. Mabwana ambiri anayamba kuona munthu wa kachirombo ngati chimtolo: adzadwala, adzajomba, mapeto ake kampani idzagula bokosi. Mantha amenewa ndiwo anabala tsankho.

Koma zinthu sizinakhale choncho mpaka kalekale. Bungwe la National AIDS Commission linakhazikitsidwa mu 2001. Mu February 2004, pokhazikitsa ndondomeko ya dziko lino yolimbana ndi Edzi, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Bakili Muluzi, anaulula poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi matendawa. Chaka chomwecho boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo, osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike kaye. Ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku, ndipo amene akupeza bwino amapatsidwa mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi.

Kafukufuku wa MPHIA amene anachitika m'dziko lonse mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo anali ndi kachirombo ka HIV. Anapezanso kuti mwa anthu amene ankamwa ma ARV, pafupifupi 97 mwa 100 alionse kachiromboko kanali katachepa kwambiri m'magazi mwawo. Izi zikutanthauza kuti pa malo alionse pamene pali antchito ambiri, pali anzathu amene ali ndi kachirombo, ndipo ambiri a iwo sitingawadziwe ndi maso. Akusenza matumba, akuphunzitsa, akuyendetsa mabasi, akuwerengera ndalama ngati wina aliyense.

Tikumbutsanenso kuti kachirombo ka HIV sikafala pogwirana chanza, pomwera kapu imodzi, podyera mbale imodzi, pogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi kapena pobwerekana khasu ndi sipanala. Ndipo madokotala anatsimikiza kuti munthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko, kachirombo n'kuchepa mpaka kusaoneka pa makina oyezera, sapatsira mnzake pogonana. Choncho chifukwa chosalira mnzathu kuntchito palibe. Chimene chatsala ndi maganizo akale basi.

Kodi malamulo akuti chiyani?

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa tsankho la mtundu uliwonse. Gawo 21 limateteza zinsinsi za munthu, ndipo gawo 31 limapereka ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la za ntchito la Employment Act la m'chaka cha 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza kagwiridwe kake ka ntchito, khalidwe lake kapena zosowa za kampani. Limatinso ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthuyo apatsidwe kaye mwayi wonena mbali yake.

Malamulo amenewa anayesedwapo kale kukhoti. Mayi wina anapita yekha mwa kufuna kwake kukayezetsa magazi ndipo anamupeza ndi kachirombo. Atabwerera kuntchito, anamuchotsa nthawi yomweyo osamumvera n'komwe. Mayiyo sanangokhala chete. Anakasuma ku khoti loona za apantchito la Industrial Relations Court, ndipo mu 2005 khotilo linagamula kuti anamuchotsa mopanda chilungamo. Linati ngakhale gawo 20 silitchula HIV mwachindunji, kusala munthu chifukwa cha kachiromboka ndi tsankho loletsedwa ndithu. Pogamula, khotilo linatengerako nzeru pa mlandu wina wa ku South Africa. Kumeneko kampani ya ndege ya South African Airways inakana kulemba ntchito bambo wina amene anali atapambana mayeso onse, chifukwa chomupeza ndi kachirombo. Mu 2000 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linalamula kampaniyo kuti imulembe ntchito.

Mu November 2017 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inavomereza lamulo lapadera lokhudza HIV ndi Edzi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018. Lamuloli limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo, limateteza chinsinsi cha zotsatira za magazi, ndipo limaletsa olemba anthu ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa kuti amulembe, kapena kumuchotsa chifukwa choti ali ndi kachirombo. Pamene lamuloli linkakonzedwa, munali mfundo zofuna kuti magulu ena a anthu aziyezedwa mokakamizidwa. Amayi amene ali ndi kachirombo pamodzi ndi mabungwe omenyera ufulu wachibadwidwe anazitsutsa mwamphamvu, ndipo aphungu anazichotsa.

Bungwe loona za apantchito pa dziko lonse la ILO nalonso linatulutsa malangizo ake mu 2001, n'kuwalimbitsa mu 2010. Mfundo yake yaikulu ndi yomweyi: munthu aweruzidwe ndi ntchito ya manja ake, osati ndi magazi ake.

Chinsinsi chikaululika

Malamulo ndi abwino, koma lamulo silikhala nafe pa nthawi ya nkhomaliro pamene tikucheza pansi pa mtengo. Chinsinsi cha munthu kawirikawiri sichiululika kudzera m'kalata ya bwana. Chimaululika kudzera mwa ife, ndi mawu aja akuti "ndikuuze, koma usauze munthu." Wouzidwayo nayenso ali ndi mnzake wapamtima. Pofika Lachisanu, nkhani ili pa gulu la WhatsApp la kuntchito, ndipo mwini wake akadutsa anthu akutsinana. Ena amayamba nthabwala zakuti "uyu ali pa mayunitsi," kapena kumutcha maliro oyenda. Woseka amaiwala msanga, koma wosekedwa saiwala.

Taganizani zimene zimachitika kwa munthu amene akuopa kuti anzake adziwa. Nthawi yomwera mankhwala ikamupeza ali pa gulu, amadumphitsa. Akatumidwa ulendo wa masiku angapo ndi anzake, botolo amalisiya kunyumba. Tsiku lokatenga mankhwala likafika, amalephera kupempha chilolezo poopa mafunso a kapitawo. Ena amasiya chipatala chapafupi n'kumakalandira mankhwala kutali kumene sadziwika, ndipo ndalama ya minibasi ikasowa, mankhwala amaduka.

Ma ARV sapha kachirombo, amangokaletsa kuswana. Munthu akamadumphitsa, kachirombo kamayambiranso kuchulukana, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo matenda monga chifuwa chachikulu amapeza mpata. Nthawi zina kachiromboko kamasintha n'kusiya kumva mankhwala amene munthuyo amamwa, ndiye pamafunika ena. Munthu amene anali wamphamvu amayamba kudwaladwala, ndipo omwe aja anamunena amati, "Suja tinanena?" osadziwa kuti pakamwa pawo ndipo panamudwalitsa.

Kuipa kwake sikuthera pa munthu mmodzi. Ena onse amene akuona mmene mnzawo akuchitidwira amati mumtima, "Ine ndiye sindikayezetsa." Motero miseche ya anthu awiri kapena atatu imatseka njira ya kuchipatala kwa anthu ambiri. Bwana nayenso amaluza, chifukwa wantchito wodziwa ntchito sapezeka tsiku limodzi.

Pali anthu ena amene amadziwa zinsinsi chifukwa cha ntchito yawo: kalaliki wosunga mafayilo, mesenjala wonyamula makalata a kuchipatala, dalaivala wa kampani, mlangizi wa zaumoyo, phungu woyeza magazi, wodzipereka wa m'mudzi. Ambiri mwa ife tidzagwira ntchito zimenezi, ndipo ena tayamba kale. Zimene zinachitika ku Mwanza zitiphunzitse. Mu 2009 apolisi kumeneko anagwira amayi amene ankawaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kupita nawo kuchipatala kumene anawayeza magazi popanda chilolezo chawo. Zotsatira zake zinawerengedwa poyera m'khoti. Amayi 11 anasuma, ndipo mu 2015 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti ufulu wawo unaphwanyidwa. Onse amene anatengapo mbali anali pa ntchito yawo. Aliyense wa iwo anali ndi mpata woima n'kufunsa kuti, "Kodi zimenezi n'zololedwa?" Mawu akuti "ndangotumidwa" sachotsa udindo wa munthu.

Chilungamo si kukondera

Ena amadandaula kuti anthu amene ali ndi kachirombo amakonderedwa: amapatsidwa tsiku lopita kuchipatala pamene ena akugwira ntchito. Tiyeni tiimvetse bwino nkhaniyi. Lamulo la za ntchito limati wantchito aliyense amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata 4 akulandira malipiro onse, ndi masabata 8 akulandira theka, chaka chilichonse, bola abweretse kalata ya kuchipatala. Ufulu umenewu ndi wa aliyense: wa malungo, wa matenda a shuga, wa kuthamanga kwa magazi, wothyoka mwendo ndi wa HIV yemwe. Chilungamo n'chakuti muyezo ukhale umodzi. Ngati wa shuga amaloledwa kupita kukaonana ndi dokotala popanda kunyozedwa, wa ma ARV aloledwenso chimodzimodzi. Ngati wochira chifuwa chachikulu amapatsidwa ntchito yopepukirapo kwa kanthawi, wina aliyense wofooka apatsidwenso.

Palinso tsankho lina lovala nkhope ya chifundo. Bwana amati, "Uyu tisamutumize ku maphunziro, angatope," kapena "udindo umenewu ungamulemere." Kunja zimaoneka ngati chisoni, koma kunena zoona akumulanda mwayi munthu amene sanadandaule. Ngati tikufuna kumuthandiza mnzathu, timufunse mwini wake chimene akufuna. Tisamuganizire ngati mwana.

Mbali inayo, kukhala ndi kachirombo si chikopa chobisalirapo. Wantchito amene waba, wabwera ataledzera kapena wajomba popanda chifukwa aweruzidwe monga wina aliyense, atamveredwa mbali yake. Ndipo thandizo loperekedwa kwa odwala lisasanduke podyera anthu athanzi. Mu 2008 boma linalengeza kuti ogwira ntchito m'boma amene ali ndi kachirombo azilandira K5,000 pamwezi yogulira zakudya zopatsa thanzi. Mu 2011 ndalamayi inaimitsidwa, ndipo boma linati ndondomekoyi inkagwiritsidwa ntchito molakwika, ena ankalandira mwachinyengo. Amene anavutika ndi aja ankafunikiradi thandizolo. Kukhulupirirana kuli ngati mtolo wa anthu awiri: mmodzi akataya mbali yake, mtolo wonse umagwa.

Ntchito yogula ndi thupi

Sitingakambe za chilungamo kuntchito osatchula mchitidwe wa mabwana ndi akapitawo ena amene amauza atsikana kuti, "Ukafuna ntchito, tionane madzulo." Ena amaopseza kuti sadzamulembanso nyengo yotsatira, ena amalonjeza kumukweza. Mtsikana amene akusamala azing'ono ake amaona ngati palibe kothawira. Pa ubale wotere mphamvu zonse zili mbali imodzi, ndipo woopa kuchotsedwa ntchito sangalimbe mtima kunena za kondomu. Apa ndi pamodzi pamene kachirombo kamapezera njira. Kafukufuku wa MPHIA uja anapeza kuti amayi oposa 10 mwa 100 alionse anali ndi kachirombo, pamene abambo anali 7 mwa 100 alionse.

Mchitidwe umenewu ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la m'chaka cha 2013 limati wopezeka wolakwa pa nkhanza zotere alipire K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Amayi akayankhula pamodzi, ngakhale makampani akuluakulu amamva. Amayi 36 amene ankagwira ntchito m'maesiteti a kampani ya Eastern Produce Malawi anakasuma ku Britain, kumene kuli eni kampaniyo a Camellia, podandaula za nkhanza zokhudza kugonana. Mu 2021 eni kampaniwo anagwirizana nawo zowalipira, ngakhale sanavomere kulakwa.

Mnzathu akagwiriridwa, chinthu choyamba ndi kuthamangira naye kuchipatala. Kuli mankhwala otchedwa PEP amene amateteza munthu kuti asatenge kachirombo. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Kupolisi kulinso ofesi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza. Anyamata, nkhaniyi ndi yathunso. Tikaona kapitawo akuvutitsa mtsikana n'kumangoseka, tikumuthandiza kapitawoyo.

Nkhani zovuta zimene tingakumane nazo

Kudziwa malamulo n'kosavuta. Chovuta ndi tsiku limene zabwino ziwiri zakokana, kapena pamene kuchita choyenera kungatidanitse ndi bwana. Tiyeni tiyerekeze nkhani zinayi.

Yoyamba: ndinu kalaliki, ndipo mnzanu wabweretsa kalata ya kuchipatala yopempha tchuthi. Abwana akukuitanani nati, "Iwe umacheza naye, kodi kwenikweni akudwala chiyani?" Chimene abwana akufunika kudziwa n'chakuti munthuyo wapatsidwa masiku angati, ndipo akabwera angathe kugwira ntchito yanji. Dzina la matenda si lawo. Mutha kuyankha mwaulemu kuti, "Pepani bwana, za matenda a munthu ndi bwino azinene mwini wake. Kalata ya adokotala ndi iyi." Mwina sasangalala tsiku limenelo. Koma bwana wanzeru adzazindikira kuti kalaliki wosunga chinsinsi cha mnzake adzasunganso zinsinsi za kampani.

Yachiwiri: mukugwira ntchito ya m'nyumba, kapena mlongo wanu akulera ana a eni, ndipo mayi a m'nyumbamo akuti, "Upite ukayezetse, undibweretsere pepala, apo ayi ntchito yatha." Nkhawa ya kholo pa mwana wake ndi yomveka, koma kachirombo sikafala pophika, pochapa, posambitsa mwana kapena pomubereka kumsana. Kuyezetsa n'kwabwino ndipo timalimbikitsa aliyense, koma kukhale kofuna mwini, ndipo zotsatira zake ndi zake. Ntchito ya m'nyumba ndi ntchito ngati ina iliyonse, lamulo limaitetezanso.

Yachitatu: pa galaja mnzanu wadzicheka ndi chitsulo ndipo magazi akutuluka. Wina akuti, "Samalani, uyu sitikumudziwa." Apa sipafunika kudziwa za magazi a munthu aliyense. Njira ndi imodzi kwa onse: valani magolovesi kapena jumbo yoyera m'manja, tsekani bala, sambani ndi sopo, pitani naye kuchipatala. Malo a ntchito alionse ayenera kukhala ndi bokosi la thandizo loyamba. Tikamasamala chimodzimodzi kwa aliyense, palibe amene amalozedwa chala, ndipo tonse timatetezeka.

Yachinayi ndiyo yovuta kwambiri. Mnzanu wa kuntchito anakuuzani mwachinsinsi kuti ali ndi kachirombo. Tsopano mukuona kuti akufunsira msuweni wanu. Mtima ukuti, thamanga ukamuuze. Koma taimani kaye. Simukudziwa ngati anamuuza kale. Simukudziwa ngati akumwa mankhwala mwandondomeko moti sangapatsire munthu. Yambani ndi mwini nkhani. Muuzeni maso ndi maso kuti mtsikanayo ndi m'bale wanu ndipo nkhaniyi ikukuvutani. Mulimbikitseni kuti amuuze yekha, ndipo ngati akuopa, aphungu a kuchipatala anaphunzitsidwa kuthandiza anthu awiri kukambirana zimenezi. Kwa msuweni wanu, perekani malangizo amene mukanapereka ngakhale akanafunsiridwa ndi munthu wina aliyense: asagonane ndi munthu asanakayezetse limodzi, ndipo agwiritse ntchito kondomu. Mnzanuyo akakana kumva ndipo mukuona kuti m'bale wanu ali pa ngozi, kafunseni nzeru kwa phungu wa kuchipatala. Achipatala ali ndi ndondomeko yawo yofikira bwenzi la munthu. Kulengeza pa gulu kapena kutumiza mauthenga pa foni sikuteteza aliyense.

Pa nkhani zonsezi, tisanatsegule pakamwa tidzifunse mafunso awa. Kodi ndikudziwadi, kapena ndikungoganiza chifukwa munthuyu wawonda? Kodi mwini nkhaniyi ndani? Ndikayankhula, apwetekedwe ndani, ndipo ndikakhala chete, apwetekedwe ndani? Kodi pali njira yotetezera onse awiri? Nanga akanakhala ine, ndikanafuna kuti anzanga achite chiyani? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kalabu yathu ndi sukulu ya ntchito

Makhalidwe amenewa sitidzawaphunzira tsiku lolandira kalata yotilemba ntchito. Tikuwaphunzira panopa ku kalabu. Kalabu nayo ili ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Ili ndi buku la ndalama, mpira, njinga, ndipo nthawi zina kumabwera mwayi wopita ku maphunziro kumene kuli kandalama. Ngati wapampando amangosankha anzake kapena chibwenzi chake, tikuphunzira kukondera. Ngati msungichuma sawerenga ndalama pa msonkhano, tikuphunzira chinyengo. Tigwirizane ndondomeko yodziwika kwa onse, monga kupita mosinthana, ndipo buku la ndalama liziwerengedwa poyera mwezi ndi mwezi.

M'makalabu mwathu mulinso anzathu amene ali ndi kachirombo. Ena anabadwa nako ndipo akula akumwa mankhwala. Wina akatiuza, nkhaniyo isalembedwe m'buku la mamembala kapena m'malipoti opita ku ofesi. Alendo akabwera, tisamukankhire kutsogolo kuti apereke umboni pofuna kusangalatsa otithandiza. Tisamujambule n'kuika chithunzi chake pa Facebook popanda chilolezo chake. Amene asankha okha kuyankhula poyera, monga amachitira mamembala ena a mabungwe a NAPHAM, MANET+ ndi COWLHA, ndi olimba mtima ndipo timawalemekeza. Koma kuulula kapena kusaulula ndi ufulu wa mwini, ndipo nthawi yake amasankha yekha.

Tikalakwiridwa tipite kuti?

Munthu akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, asachedwe. Lamulo limapereka miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake, imene ambiri timaitcha kuleba. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku Industrial Relations Court, khoti limene lili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Pa mlandu wotere, wolemba ntchito ndiye ayenera kupereka chifukwa chimene anachotsera munthuyo. Sungani makalata onse, mapepala a malipiro ndi mauthenga a pa foni, ndipo lembani masiku amene zinthu zinachitika. Bungwe la apantchito la pamalo panu, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi ofesi ya Legal Aid Bureau angathandizenso. Mnzathu akamapita kukadandaula, timuperekeze. Mutu umodzi susenza denga.

Anzathu achinyamata, ena mwa ife mawa tidzakhala akapitawo, ahedi, anamwino ndi eni masitolo. Tidzakhala ndi mphamvu yolemba ndi kuchotsa anthu ntchito, ndipo mafayilo a anthu adzadutsa m'manja mwathu. Malo a ntchito abwino ndi amene munthu angamwe mankhwala ake popanda kubisala m'chimbudzi, angapemphe tsiku la kuchipatala popanda kunjenjemera, ndipo angakwezedwe chifukwa cha khama lake. Malo otere samangidwa ndi lamulo lokha. Amamangidwa ndi kalaliki amene anakana kuulula, mnzake amene anakana kuseka nawo, ndi kapitawo amene anayeza onse ndi muyezo umodzi.

Zokambirana ku kalabu

1. Ndi mawu ati onyoza anthu amene ali ndi kachirombo amene timawamva kwathu kuno? Tingayankhe bwanji wina akawanena pa gulu?

2. Konzani sewero lalifupi la kalaliki ndi abwana. Yesani mayankho osiyanasiyana, kenako sankhani limene lili laulemu komanso losunga chinsinsi.

3. Pa nkhani ya msuweni ija, inu mukanachita chiyani? Mvetserani maganizo a atsikana ndi a anyamata, ndipo ngati n'kotheka itanani phungu wa kuchipatala chapafupi adzakuthandizeni.

4. Kodi kalabu yathu imasankha bwanji opita ku maphunziro? Kodi buku la ndalama linawerengedwa liti komaliza?

5. Fufuzani kumene kuli ofesi ya za ntchito m'boma lanu komanso chipatala chapafupi chimene chimapereka PEP, ndipo mudziwitse mamembala onse pa msonkhano wotsatira.